Dzina la Alamu Anga Silinafufutike

1

Ndine Emelda. Owerenga ena a kuno ku Mchinji andizindikira ndisanafike n'komwe pakati pa nkhaniyi, koma zilibe kanthu. Ndabisala mokwanira.

Kwa chaka chathunthu, m'mawa uliwonse ndinkalonjeredwa ndi munthu wakufa. Musaganize za mizukwa ya kumanda ayi. Wanga ankandidikira pa desiki, dzuwa litatuluka kale, anzanga akumwa tiyi. Ndikayatsa kompyuta ya kuntchito n'kungogunda chilembo cha V, dzina lonse linkadzitulukira lokha: Vitus Kapatuka. Woyenera kulichotsa pa mndandanda wa antchito ndinali ine. Ndinayesa kawiri, chala chinakana.

A Vitus anali alamu anga, amuna a achemwali anga a Anasi. Mayi athu atamwalira ndili Fomu 1, ndi a Vitus amene ananditengera kwawo ku Chiosya n'kundilera ngati mwana wawo woyamba. Ndi iwonso anandiyankhulira pa fakitale ya mafuta ophikira pafupi ndi Kamwendo, yomwe dzina lake sinditchula, mpaka ndinalembedwa ntchito ya ukalaliki. Anali munthu wa nthabwala zosatha. Akandiona nditadzola zofiira pamilomo ankafunsa ngati ndalumidwa ndi mavu.

2

Kuti mumvetse zomwe zinachitika, ndiyambe ndakuuzani momwe tinkagwirira ntchito.

Fakitale yonse inkayendera pulogalamu ya pakompyuta. Kuchokera pamene thumba la mpendadzuwa lalowa pageti kufikira botolo la mafuta litatuluka, chilichonse chinali ndi nambala yake: kupeta, kutenthetsa, kufinya, kusefa, kutsuka makina. Ntchito ikayambika inkaoneka yofiira pa sikirini. Mwini wake akamaliza ankalowetsa pasiwedi yake n'kuitseka, ndipo inkasanduka yobiriwira. A Kwacha, omwe ankayatsa ndi kuzimitsa makina, ankakhala m'kachipinda ka magetsi kuseri kwa khoma. Makinawo sankawaona ndi maso, ankangoona mitundu basi. Pakabiriwira, ankayatsa. Loko yemwe ankayenera kukhomedwa pa switchi munthu akalowa m'makina anasowa kalekale, ndipo panalibe amene anamufunafuna.

Pakhomo la holo ya makina panali kompyuta yoti amuna azitsekerapo ntchito zawo. Ambiri ankailambalala ngati apongozi. Manja ali mafuta okhaokha, ankangosuzumira pawindo la ofesi yanga n'kufuula kuti, "Eme, tanditsekera uko." Mapasiwedi awo ndinkasunga pa kapepala kunsi kwa kiyibodi. Mabwana ankaletsa zimenezi, ife tonse tinkadziwa, ndipo tonse tinkakhala chete.

Koma alamu anali osiyana. Ankasamba m'manja, kupukuta bwinobwino, kenako n'kukaima pa kompyuta ija ngati akuwerenga mawu kutchalitchi, akumenya zilembo ndi chala chimodzi. Ankati munthu sasainitsa mnzake pa moyo wake. Fakitale yonse inkadziwa kuti ntchito ya a Vitus amatseka ndi a Vitus.

Ine udindo wanga unali wakuti ikamakwana 11 koloko ntchito zonse za m'mawa zikhale zobiriwira. Pakatsala yofiira ngakhale imodzi, a manijala ankatsika okha kudzandifunsa pa desiki.

3

Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, kukuzizira. Alamu anafika pa njinga yamoto yawo, n'kuima pawindo langa monga mwa masiku onse. Anandiuza mawu angapo akuseka, kenako anatenga ndowa ndi bulashi, chifukwa tsikulo linali lotsuka thanki yosakanizira. Imeneyi ndi thanki yaikulu yoti munthu amalowamo ndi makwerero, ndipo pansi pake pali chitsulo chopota chomwe chimazungulira n'kumakankha njere. Mawu amene anandiuzawo muwamva patsogolo.

Nthawi ya ngozi sindinali pa desiki. Aliyense wondifunsa ndinamuuza kuti ndinathamangira pa Kamwendo kukagula mankhwala a mutu.

Pobwera, ndisanafike n'komwe pageti, ndinadziwa kuti kwagwa zovuta. Fakitale inali zii masanasana, ndipo phokoso lomwe tinalizolowera mpaka kuiwala kuti lilipo linali litasowa. Amayi osankha njere anali panja, manja ali kunkhongo. A Kwacha anakhala pansi m'fumbi, akungobwereza kuti, "Panali pobiriwira. Ndikulumbira, panali pobiriwira."

Zomwe ndinaona m'holomo sindilemba. Ndingonena kuti nsapato imodzi ya alamu inali pansi pa makwerero, yoyera, ngati yangovulidwa kumene.

Apolisi atafika, a manijala anasindikiza pepala kuchokera mu pulogalamu ija. Linali ndi mizere yochepa. Ntchito nambala 4417, kutsuka thanki yosakanizira. Wotseka: Vitus Kapatuka. Nthawi: 10:41. Makina anayatsidwa 10:48. Wapolisi anafunsa ngati munthu wina akanatha kuwatsekera, ndipo amuna onse anayankhira limodzi kuti a Vitus sankatsekeredwa ndi munthu. Ankanena zoona zomwe ankadziwa, komanso aliyense ankateteza pakamwa pa ana ake.

Ndiye funso linatsala limodzi. Munthu wagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi, akudziwa kuti pakabiriwira makina ayaka, atseka yekha, kenako n'kubwereranso m'thanki. Ankafunamo chiyani?

Yankho linachokera kumudzi tsiku lomwelo. M'mawa umenewo mbuzi za alamu zinadya nyemba za m'dimba la a Anasi, chifukwa alamuwo anaiwala kutseka khola. Achemwali anga, omwe pakamwa pawo pankathamanga kuposa mtima, anakalipa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anamva. Mawu awo omaliza anali akuti, "Pitani, ndipo musabwerenso." Mchemwali wa alamu anawamva ali pamtondo. Anthu analumikiza pepala la kufakitale ndi mawu a pabwalo, ndipo pofika madzulo Chiosya yense ankanong'onezana kuti a Vitus adzipha chifukwa cha mkazi.

4

Maliro a munthu wodzipha kwathu sakhala ndi nyimbo. Akulu a mpingo wathu anapepesa kuti malamulo sawalola kubwera ndi kwaya, ndipo alamu, omwe ankaimba besi Lamulungu lililonse, anaikidwa mwakachetechete kumphepete kwa manda. Tinkangomva makasu.

A Anasi anali pa chitengwa, kumudzi kwa amuna awo. Sipanathe mwezi, abale a malemu anawauza kuti sangamwere chitsime chimodzi ndi munthu amene anapha mwana wawo ndi lilime. Anabwera kwa ine pa Kamwendo ndi ana awo awiri, chikwama chimodzi ndi mphika.

Anthu ananditamanda kwambiri. Ankati Emelda ndi mwana woleredwa bwino, wabweza zabwino zomwe anamuchitira. Ndinkaphika phala, kuchapa, kusambitsa ana, n'kumalandira matamandowo ngati munthu wolandira mphatso yakuba.

Achemwali anga anayamba kutha ndikuona. Munthu amene mawu ake ankamveka kuchokera kudimba mpaka kumsewu anasiya kuyankhula mokweza. Ngakhale poitana ana ankanong'ona. Kwaya anasiya. Ikamakwana 5 koloko ankakhala pakhonde n'kumatsatira ndi maso njinga yamoto iliyonse yodutsa, mpaka itazimiririka. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, lomwe linali litayamba kuthothoka, anandiuza kuti, "Eme, ukadzakwatiwa uzidzasamala pakamwa. Panga panapha munthu."

Ndinapitiriza kupesa. Ndinali ndi mantha, ndipo manthawo anali aakulu kuposa chisoni changa. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Kuntchito nako kunalibe mpumulo. Makina akazima masana, ndinkamva ngati ndowa ikugunda pa makwerero. Kawiri konse ndinadzutsa mutu ndikuganiza kuti munthu waima pawindo, koma kunali dzuwa lokha. Mankhwala a mutu omwe ndinanamizira aja ndinayamba kuwamwa zenizeni.

5

Patatha miyezi khumi kunabwera supavayiza watsopano wochokera ku Lilongwe, mayi Ivy. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, woyenda ngati wachedwa basi, ndipo pulogalamu ija ankaidziwa ngati khitchini yawo.

Sabata ina wogula wa ku Chipata anabweza mabotolo a mafuta akuti akununkha chiwisi. Mayi Ivy anakoka mpando n'kukhala pambali panga kuti tifufuze kuti mafutawo anadutsa m'manja mwa yani. Ndinalemba nambala ya pa botolo, n'kutulutsa ntchito zake zonse, dzina ndi nthawi, monga ndinkachitira zaka zonsezi. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ndimathera pomwepo.

Anandilanda kamausi ka kompyuta n'kudina timadontho titatu tomwe tinali pakona pa mzere uliwonse, tating'ono moti ndinkayesa zokongoletsa. Panatseguka tsamba lina. Pamenepo panali zonse: nthawi yomwe ntchito inayambika, mphindi zomwe inatenga, ndiponso kompyuta yomwe munthu anakhalapo potseka, kaya ya pakhomo la holo kaya ya mu ofesi.

"Tsamba loyamba limakuuza zomwe munthu analemba," anatero mayi Ivy. "Ili limakuuza pomwe anakhala. Kompyuta siiwala, mwanawe, ndipo ilibe m'bale."

Ndinafunsa ngati imasunganso za chaka chatha. Anayankha kuti imasunga kuyambira tsiku lomwe anaiyika.

Atachoka ndinalemba 4417. Mzere unabwera, dzina la alamu lili pomwepo, timadontho titatu tili pakona ngati maso. Sindinadine. Ndinazimitsa kompyuta n'kukasanza kuseri kwa ofesi. Akuluakulu sananame kuti mlandu suola. Wanga unali utasungidwa pabwino, mopanda chiswe, pa desiki yanga yomwe.

6

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, a Anasi anandipempha chinthu chimodzi. Anati pepala lija anangolimva m'kamwa mwa anthu, ndipo akufuna kuona ndi maso awo pamene amuna awo analemba komaliza. Anati mwina akaona, mtima uvomereza, asiye kudikira njinga zamoto. Ndinapereka zifukwa sabata yonse: mabwana salola, kompyuta yavuta, netiweki kulibe. Kenako iwo anakumana ndi mayi Ivy kumsika n'kuwapempha okha, ndipo mayi Ivy anavomera kuti abwere Loweruka masana makina atazima.

A Anasi anavala chitenje chawo chakuda n'kukhala pa mpando wa alendo, manja ali pamiyendo. Mayi Ivy anaima pakhomo kuti atipatse mpata. Ndinalemba nambala ija, mzere unatuluka, ndipo ndinawawerengera pang'onopang'ono.

Achemwali anga anasendera pafupi. Anatambasula dzanja n'kukhudza dzina la amuna awo pa sikirini, mofatsa, ngati akupukuta mwana kumaso.

"Ndiye ndi zoona," ananong'ona. "Bambo a ana, pepani. Ndinkanena za mbuzi chabe."

Anayamba kudzuka kuti azipita. Ndikanangokhala chete mphindi imodzi yokha, bwenzi lero ndili pantchito, ndili ndi mchemwali, ndili ndi dzina labwino. Koma ndinaona msana wawo, mafupa akuonekera pa bulauzi, ndipo dzanja langa linapita lokha pa kamausi. Ndinadina timadontho tija.

"Achemwali, khalani pansi. Pali tsamba lina."

Linatseguka mosachedwa. Ntchito 4417, yotsekedwa 10:41, pa kompyuta ya mu ofesi ya kalaliki. Mayi Ivy anayandikira, anawerenga, kenako anavula magalasi. A Anasi anayang'ana ine, kudikira kuti ndiwamasulire.

Ndinawauza zonse. Ndinali pa chibwenzi ndi Fletcher, dalaivala wa thiraki yopita ku Zambia, mwamuna wa mwini wake wa ana atatu. Tsiku limenelo ananditumizira uthenga kuti waima pa Kamwendo kwa theka la ola basi asanapitirire kuboda. Ndinayang'ana pa sikirini, zonse zinali zobiriwira kupatula ya alamu. Ndikanaisiya yofiira, a manijala akanatsika n'kupeza mpando wanga uli wokha. Nditasuzumira pawindo ndinaona alamu ali panja, akupita kumpopi ndi ndowa, ndipo ndinadziuza kuti amaliza, akukasamba m'manja. Sindinawafunse, chifukwa akanandifunsa komwe ndikuthamangira. Pasiwedi yawo sinali pa kapepala kaja, koma ndinkaidziwa, popeza ndine ndinawathandiza kuilemba tsiku loyamba. Ndinatseka ntchito yawo, n'kutenga kachikwama kanga, n'kutulukira kugeti ya kuseri. Iwo anali atangopita kukasintha madzi.

Ndinadikira mbama, ndipo ndinkaifuna.

"Pasiwediyo inali chiyani?" anafunsa a Anasi.

"Dzina lanu, ndi chaka cha ukwati wanu."

Anatseka maso. Kenako anafunsa, ndi mawu omwe ndinali ndisanawamve chaka chonse, mawu awo akale okweza, "Ndiye kuti sanandithawe? Ankabwera kunyumba?"

Apa ndi pomwe ndinatulutsa chomwe ndinabisa mozama kuposa zonse, mawu a pawindo aja. Alamu anandiuza akuseka kuti, "Mlamu, mkulu wako wandithamangitsa lero, akuti ndisabwerenso. Ndikaweruka ndimugulira kanyenya wa mbuzi pa Kamwendo, mkwiyo wakewo akauthetsere pa mbuzi zomwezo." Ndinawasunga mawuwa chifukwa ndikanawanena, anthu akanayamba kufunsa kuti nanga munthu wokonzekera kanyenya wa madzulo angadziphe bwanji m'mawa.

Achemwali anga anaseka, kuseka kwenikweni, misozi ikutsika. Kenako analira mokweza, kulira komwe kumaliro kuja anachita manyazi kulira, mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira. Atatonthola anapempha mayi Ivy kuti awasindikizire tsambalo. Analipinda kanayi n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

Pakhomo anatembenuka.

"Za kutseka ntchitozo, Eme, mwina tsiku lina ndidzakhululuka. Unali wopusa, sunali mfiti. Koma unkandipesa tsitsi, ukundimva ndikudzitcha wakupha, mawu a mwamuna wanga uli nawo m'kamwa. Chaka chonse."

Madzulo ake anatenga ana, chikwama chija ndi mphika wawo.

7

Lolemba ndinachotsedwa ntchito, ndipo Lachiwiri ndinapita ndekha kupolisi. Nkhani idakali m'manja mwawo, ndipo chomwe adzagamule ndidzachilandira. Kapepala ka mapasiwedi kanawotchedwa, pa switchi panagulidwa loko watsopano. Fletcher anali atasiya kale kuyankha foni yanga sabata ya maliro yomwe ija. A Kwacha, omwe chaka chonse ankadziona ngati ali ndi magazi m'manja, akandiona pamsewu amawolokera tsidya lina.

A Anasi anapita ku Chiosya ndi pepala lija. Anakaliyala pamaso pa abale a malemu ndi akulu a mpingo, ndipo mphunzitsi wina anawawerengera. Ndinamva kuti mchemwali wa alamu uja anagwada pansi. Loweruka lotsatira kwaya yonse inavala yunifolomu n'kupita kumanda, kukaimbira a Vitus nyimbo zomwe anamanidwa. Ine ndinaima patali, pamsewu, pansi pa mtengo wa mango. Amene ankayambitsa nyimbo anali achemwali anga, ndipo mawu awo ankafika mpaka pomwe ndinali. Pobwerera anandidutsa osandiyang'ana. Mpaka lero sanandiyankhule.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, komanso sindikukuphunzitsani za makompyuta. Kutseka ntchito ya alamu kunanditengera masekondi ochepa, ndipo kunapha munthu mmodzi yemwe sindinkafuna kuti afe. Kukhala chete kunanditengera chaka, ndinkakusankha ndekha m'mawa uliwonse, ndipo kunatsala pang'ono kupha wachiwiri ndikumuphikira phala. Ngati pali wina amene akuvutika ndi katundu yemwe mwini wake ndinu, ndipo muli ndi mawu omwe angamupepukitse, musadikire kuti makina adzakuyankhulireni. Pitani lero, mukanene ndi pakamwa panu.

Mayi Ivy anandiuza kuti dzina la alamu analichotsa pa mndandanda tsiku lomwe ndinachoka. Ine ndimagulitsa tomato pa Kamwendo tsopano, pafupi ndi owotcha nyama. Ikamakwana 5 koloko fungo la kanyenya wa mbuzi limafika pa benchi langa, ndipo amene amatsatira njinga zamoto ndi maso masiku ano ndine.